Tsidya la Msewu, pa Lizulu

Basi ikaima pa Lizulu
imaimira iye.
Ine ndimangolandira fungo la mabuleki
ndi fumbi logwera pa kabichi wanga.

Nandau.
Dzinali ndimalitchula ngati ndaluma mchenga mu mpunga.
Tinayambira limodzi,
aliyense ndowa ziwiri za mbatatesi zangongole,
chiguduli choyala pansi chili chimodzi, chogawana.
Lero ali ndi shedi ya malata,
mnyamata womunyamulira katundu,
ndi foni yosagona tulo.
Chiguduli chija chinatsalira ine.
Chabooka pakati.

Ndiulule: Lachitatu lina ndinamuwerengera makasitomala
kuyambira mame asanaume mpaka mthunzi utatalika.
Makumi anayi ndi mmodzi.
Mayi wina wa galimoto yofiira
anaima pamaso panga, nafunsa mtengo kawiri,
maso anga ali tsidya.
Anapita.

Atanena a pa tiyi paja kuti
“Ameneyo anakhwimira, pansi pa benchi pali nsupa,”
sindinawonjezere mawu.
Koma sindinatsutsenso.
Ndinangoseka, mtima n’kumva kutenthera
ngati ndayandikira mbaula mu Juni.
Usiku wake ndinalakalaka
chiwawu chitagwera m’dimba momwe amaoda,
kenako ndinakumbukira:
nanenso ndimaoda momwemo.

Nsanje sichita phokoso.
Ili ngati mbatatesi imodzi yofewa pansi pa thumba,
umaizindikira ndi fungo
zinzake zitanyowa kale.

Loweruka lija anawoloka msewu, maso ali psuu.
“Mlongo wanga watisiya ku Tsangano.
Mnyamata uja ndalama sindimukhulupirira.
Undikhalire.”
Anandisiyira kiyi ndi kachikwama ka chenje.
Ine.
Mzere wonsewu, anaona ine.

Ndinakhala pa mpando wake,
n’kupisa dzanja pansi pa benchi kusaka nsupa ija.
Ndinatulutsa kope lonyowa ndi thukuta.
Maina a madalaivala, aliyense ndi nambala yake.
Uyu amafuna zazikulu za tchipisi.
Uyu mwana wake ali ku chipatala, umufunse.
Kumapeto kwake ngongole:
ya malata aja, ya banki mkhonde, ya mlimi wa ku malire,
mizere itatu yosafufutidwa.

Ndinakhuthula ndowa imodzi kuti ndione pansi pake.
Zapansi zinali ngati zapamwamba.
Ndinakumbuka ndowa zanga,
timphwephwa pansi, zokongola zisanu pamwamba,
manyazi n’kundigwira ngati chitenje chandivuka pa msika.

Tsiku lonse ankafunsa, “Mayi aja ali kuti?”
Palibe anafunsa mtengo kawiri.

Madzulo ndalama zake ndinaziwerenga katatu.
Zinali zambiri kuposa za sabata yanga yonse.
Dzanja linalemera, khosi linauma.
Ndinazimanga pa kansalu mfundo ziwiri,
osachotsapo ngakhale ya sopo.
Atabwera Lolemba sanaziwerenge n’komwe,
ndipo zimenezo zinandipweteka mwa mtundu wina.

Sindinama kuti ndachira.
Basi ikaima tsidya,
kanthu kena kamandilumabe pansi pa nthiti.
Kungoti masiku ano ndimakauza:
khala apo kaye, ndili pa ntchito.

Zazing’ono ndikuziika mulu wake, mtengo wake.
Ndagula kope la masamba makumi anayi,
muli maina atatu okha,
limodzi ndi la mlamu wanga.
Shedi ndilibe, mvula ikubwera,
phindu la mwezi uno lathera yunifolomu.

Koma dzulo wa lole ya simenti wabweranso.
Wadutsa shedi ya malata,
waima pa chiguduli chobooka,
watsitsa galasi
n’kundiitana dzina molakwitsa.

Sindinamukonze.
Ndinamuyezera ndowa, ndikuyang’ana iye,
osati tsidya.