Kampata ka Pakati

Ku Khombedza tikumanga labotale,
mzere wa anthu kuyambira pa uvuni.
Nasiyani aponya njerwa, Mwatitha awakha;
manja awo sakhudzana.

Dzulo aphunzitsi anati m'mnofu mwathu
mapuloteni amateronso:
awiri ayandikana, mphumi ndi mphumi,
elekitironi, kanjere ka magetsi,
kadumpha kampata kochepa kuposa tsitsi,
wolandirayo n'kutembenuka, kukapereka patsogolo.
Akangotalikirana pang'ono, moto wazima.

M'kalasi muja sindinamve.
Ndamva lero, Mwatitha atasuntha phazi limodzi
kuthawa linthumbu,
njerwa n'kugwa pakati pawo, phwa!

Ndiye kuti chinangwa ndadya m'mawa chija
chikuyenda chonchi m'mikono mwangamu,
dzanja ndi dzanja,
mpaka pa mpweya ndikupumawu.

Ndasendera pafupi. Ponya, Nasiyani.