Zimene Zelipa Ananena za Mwala

Zaka khumi ndi zinayi ndakhala m'mbali mwa msewu wa Kafue
ndikuphwanya miyala.
Nyundo yanga chogwirira chake ndi paipi,
mphira wa tayala ndiye amagwira mwala kuti usathawe.

Dzulo Zelipa anatsika basi kuchokera ku yunivesite,
nsapato zili mbuu ndi fumbi.
Anakhala pa chigubu, natola kamwala, amvekere:
Amama, umu mulibe kanthu.

Ndinamuonetsa chala changa chachikulu
chimene chikhadabo chake chinathothoka chaka cha kolera.
Ndiye kupanda kanthuko ndi kumene kunachita izi?

Anaseka mpaka kutsokomola.
Akuti mutaphwanya, n'kuphwanyanso,
kupitirira mchenga, kupitirira fumbi limene lili m'chifuwa mwanumu,
mudzafika pa atomu.
Akuti atomuyo itakula ngati msika wa Soweto
phata lake lingakhale kanjere ka mapira
kogwera pakati pa msika.
Kwina konseko n'kwa maelekitironi, osakhazikika
ngati anyamata oitanira mabasi,
ukati ali apa, ali uko.
Koma kulemera konse kuli m'kanjereko.

Ndinapitiriza kumenya. Wilibala sidzaza ndi nkhani.

M'kanjeremo, akuti, muli mapulotoni,
ndipo safunana n'komwe, amakankhana usana ndi usiku,
koma pali mphamvu ina imene imagwira pafupi pokhapokha,
ukatalikira pang'ono yakutaya.
Apo ndinaika nyundo pansi.
Ndinaona chipinda chathu ku Misisi,
anthu asanu ndi awiri, mphasa ziwiri,
chigongono cha wina m'nthiti mwako mpaka tambala,
mvula ikalowa tonse pa tebulo limodzi.

Palinso nyutironi, sikankha, sikoka, ili phee
ngati mlamu wanga Esinati,
amene sanayankhepo munthu mwamwano chibadwire,
koma tsiku limene anapita ku Katete
tinamenyana chifukwa cha sopo.

Ndipo nyutironi ikatuluka yokha, anatero Zelipa,
sikhalitsa.
Mphindi ngati khumi ndi zisanu, basi yasweka.

Sindinamuyang'ane.
Bambo ake anachoka Lachinayi, ananyamula wailesi ndi jekete.
Patapita miyezi itatu tinakawapeza kuchipatala chachikulu,
nambala itamangidwa kuchala.
Mwanayo anali ndi mano awiri.

Lole ya mchenga inadutsa, tonse tinatseka maso.

Nanga m'kati mwa pulotonimo?
Akuti muli tina titatu, makwaki,
ndipo palibe anatulutsapo kamodzi kokha;
ukakoka, mphamvu yakoyo imabala tinzake.
Ndinati, zimenezo ndiye ngongole.

Madzulo kunabwera bambo wa galimoto yoyera,
akumanga mpanda ku Chalala.
Ananyamula mwala, naugwedeza m'manja,
akuti kodi ndi wolimba?
Ndinati, bwana, umu mulibe kanthu.
Zelipa anabisa nkhope m'chitenje changa.
Bamboyo anagula mawilibala anayi, osachotsera.