Mtengo wa Mawu pa Muloza

Ndimakhala pansi pa mpeyala, pafupi ndi chipata,
kachikwama m'chiuno, kakyuleta yofufutika manambala,
kudikira otsika pa kabaza kuchokera ku Milanje.
Metikali ndi kwacha ndimazidziwa ngati ana anga:
wina akanenepa lero, mnzake mawa waonda.
Koma mtengo wa mawu palibe anandiphunzitsa.

Malume anga a Nakhuwo ankalima kutsidya
zaka zomwe mbendera inali yatsopano kumeneko.
Aliyense ankawatcha kamarada,
ndi wogulitsa mchere yemwe.
Tsiku lina anapinda thalauza, nawoloka,
napatsa moni mnyamata wa chipani pa msika wa Limbuli
ndi liwu lomwelo, akumwetulira.
Anakagona miyezi isanu ndi itatu
kumalo komwe sitinkakutchula dzina.
Chonsecho mtsinje wake, mu Okutobala,
madzi amangolekeza m'mawondo.

Sabata yatha Elube, mwana wa mlongo wanga,
amene amasambitsa nkhalamba za eni ku Amereka,
anatumiza mawu pafoni kuno kuli usiku:
"Malume, anditcha libelo.
Ine ndinangoti munthu asamafere pakhomo la chipatala
chifukwa m'thumba mwabooka.
Wina analitchula ngati akundiveka nkhata,
wina ngati akulavula njere ya bwemba."

Ndinalisunga liwulo m'kachikwama, pambali pa makobidi.

Lachiwiri kunafika mzungu wa ku Ositireliya,
nsapato zitafiira ndi dothi la kuphiri,
akufuna ndalama zokafikira kunyanja ya mchere.
Ndinamuonetsa liwu la Elube
monga ndionetsera mnzanga pepala lokayikitsa.
Anaseka mpaka chipewa chinagwa.
Akuti kwawo alibelo ndi aja a matayi
amene amati boma lichotse dzanja
m'thumba la mwini fakitale.
Ndiye kuti Elube atakwera ndege
angakatere uko ali mdani wa iye mwini?

Dalaivala wa thanki, Arimando, akutafuna chinangwa chootcha,
anati ndale zili ndi manja awiri basi.
Ndinati kwathu lamanzere sitilandirira mphatso.
Iye anati kwawo lamanzere ndilo linalanda minda kwa atsamunda,
kenaka linangosamba,
n'kudzasainira yomweyo ndi lamanja.
Analiza hutala, napita.

Ndipotu sikuti mpaka udinditse pasipoti.
Mayi Nasibeko athyola tiyi zaka makumi awiri ndi zisanu,
dengu linawapindira msana ngati chikwakwa.
Pamsonkhano anaimirira, nati:
"Pamene pakuwala tiyi apo panali manda a agogo anga.
Ndipatseniko ekala imodzi, ndibzale nandolo."
Kapitawo analemba kuti ndi wosokoneza.
Anyamata a bungwe la ku Blantyre anati womenyera ufulu,
nawajambula kawiri, dzuwa lili kumaso.
Mkulu wa mpingo anati wosayamika.
Wa kampeni anati mayi wa chitukuko,
nawapatsa chitenje cha nkhope yake.
Pakati pa maina anayiwo
palibe mtunda woti n'kukwerera njinga.
Chitenjecho anasoka thumba lotengera makala.
Ekala ija sinabwere.

Ndalama ikandikayikitsa ndimaikwezera kudzuwa,
nkhope yobisika imaonekera mkati mwa pepala.
Liwuli ndalikweza m'mawa, ndalikweza masana,
ndimangoona nkhope ya amene walinena.

Chiperoni chatsika, alonda akukoka chipata.
Ndawerenga zanga, zakwana, kupatula mazana awiri
amene ndinakongoza Arimando.
Ndatulutsa foni, batire yatsala mzere umodzi.
"Elube mwanawe, liwu lako lija
kuno tasowa chenje chake.
Lisunge komweko, mwina lidzakwera.
Undiuze chabe: gogo uja unkati sakumeza,
lero wadya?"