Lachitatu ku Kabwata

Anandipeza ndikulendewera pakhomo la minibasi,
theka la thupi kunja, ndalama zopinda pakati pa zala,
ndikukuwa: Chilenje! Chilenje! Mmodzi yekha tinyamuke!
Mayi Daka anakhala mpando wa pafupi ndi chitseko
ndipo potsika sanafunse chenji.
Anati: Mwanawe, pakhosi pako pali chuma
koma ukuchimwaza ngati mankhusu.
Ubwere Lachitatu. Usadye tsabola.

Ndinapita chifukwa cha manyazi a chenji chija.

Holo ya tchalitchi, mabenchi ataunjikidwa kukhoma,
piyano yokalamba, mano ake awiri osalira.
Tinalipo asanu ndi mmodzi:
namwino wongoweruka ntchito ya usiku,
mapasa a ku Matero, mphunzitsi wa masamu,
Tisauke woluka tsitsi ku Kamwala,
ndi ine wonunkha dizilo.

Opera, anatero Mayi Daka,
ndi sewero lomwe munthu amafa akuimba,
ndipo wa pampando wotsiriza ayenera kumva imfayo
popanda maikolofoni.

Koma mwezi wathunthu sanandilole kuimba.
Gona chagada. Buku la nyimbo pamimba.
Likweze ndi mpweya. Litsitse pang'onopang'ono
ngati ukutsitsa mwana wogona kumsana.
Ndinati: Mayi, kupuma ndinayamba tsiku lobadwa.
Anati: Eya, ndipo palibe anakuwongola.

Chitaliyana ndinkachiyesa phiri,
koma a, e, i, o, u
anali omwe aja ndinayamwa ku Katete,
angovala suti.
Chijeremani ndiye ayi,
mwala m'nyemba, dzino lililonse limadandaula.

Anatiphunzitsanso zomwe si nyimbo.
Kuwerenga kontirakiti mpaka timalemba ta pansi.
Kukana mwaulemu bwana wa phwando
amene amati malipiro ako ndi kutchuka.
Kutchula dzina lako pamaso pa oweruza
osayang'ana nsapato:
Ndine Khumbize Miti, tenala.
Ndi kumva "zikomo, wotsatira"
n'kutuluka ndi miyendo yako yomwe.

M'mwezi wa fumbi uthenga unafika:
sukulu ina ya ku Cape Town ikufuna mawu atsopano,
tumizani kanema.
Tinajambula kasanu ndi kawiri pa foni ya namwino.
Koyamba magetsi anathima, nkhope yanga n'kusowa.
Kachiwiri jenereta ya pa bucha inaimba nane.
Kachitatu galu.
Kachinayi ndine ndemwe:
mawu anathyoka pamwamba ngati nthambi ya papaya,
mapasa anaseka mpaka mmodzi anatuluka panja.
Mayi Daka sanaseke. Anandipatsa madzi ofunda,
nagogoda dzino limodzi la piyano,
nadikira.

Jekete linali la a Njobvu, dalaivala wanga,
manja ake othera panjira.
Ndalama yolembetsera inali ya masabata atatu
a kutsegula ndi kutseka chitseko.

Tsopano yapita miyezi iwiri.
Foni ikanjenjemera m'thumba, mtima umayamba ndiwo kuyankha,
koma amakhala mlongo wanga, akufuna ya feteleza.
Tisauke anamuyankha kale: ayesenso chaka chamawa.
Analira usiku umodzi,
Lachitatu anali woyamba kufika, akusesa holo.

Ine ndidakali pakhomo la minibasi,
koma sindikuwanso.
Ndimatsegula nthiti, ndimaponda bwino pachitsulo,
ndimaika Chilenje pamwamba pa mpweya
ndipo amawoloka yekha Kulima Tower,
kudumpha mahutala, mawilibala, alaliki,
mpaka kwa ogulitsa malaya kutsidya.
A Njobvu akuti ndayamba matama.

Dzulo mayi wina, dengu la tomato pamutu,
anaima pakati pa mabasi nati: Tabwerezanso.
Ndinabwereza, ndinakoka "le" uja motalika
mpaka mpweya unatha mwaulemu.
Anagwedeza mutu pang'ono, kuopa dengu.
Sanakwere.
Amapita ku Chawama.