Sikelo ya ku Kapata

Ine ntchito yanga ndi kupima soya.
Kuyambira Meyi, pansi pa mango ku Kapata,
ndimakoloweka thumba pa ngowe,
muvi n'kunjenjemera, n'kuima.
Thumba lothiridwa mchenga pansi ndimalidziwa,
soya wowazidwa madzi usiku
amadziulula yekha ndi fungo.
Koma munthu ndimukoloweke pati?

Woyamba uja, Fakisoni,
ankabwera akununkhira sopo wa ku Mwami,
mawu osalala ngati tala watsopano.
Analumbira pa manda a amayi ake,
amayi omwewo ndinakawapeza ku Mchini
akugulitsa tomato, amoyo, akutsokomola.
Anapita ndi foni yanga
ndi miyezi yanga isanu ndi itatu.

Ndiye iwe Yotamu Miti, usadabwe
ndikamakuyang'ana ngati thumba la mlendo.

Ndinakupatsa mahandiredi atatu dala
kuti ukapereke kwa akulu anga ku Feni.
Ndikanatha kutumiza pafoni.
Tsiku lonselo ndinawerenga molakwitsa,
khutu lili ku belu la njinga iliyonse.

Unafika mdima utagwa kale,
fumbi mpaka m'nsidze,
ndipo ndisanafunse unati:
"Ndachotsapo makumi awiri, chubu chinaphulika.
Akulu ako ndawauza. Ndibweza Lachisanu."
Lachisanu sunabweze.
Unabweza Lamulungu, ndalama zachitsulo zokhazokha,
maso ali pansi.

Dailesi akuti ndine chitsiru,
akuti nyambo imakhala yaing'ono nthawi zonse,
wobweza makumi awiri akudikira chikwi.
Mwina akunena zoona.
Naye anapsapo, zipsera ndinaziona.

Koma pali zina zimene ndinaona iwe osadziwa.
Mayi wosaona bwino uja wa ku Nabvutika
atakulipira mopitirira,
unamutsatira mpaka pa mulu wa makala
ukukankha njinga, ukumuitana.
Za mwana wako wa ku Katete unandiuza wekha,
dzina lake, kalasi yake,
ndipo amayi ake sunawatukwane.
Ndinadikira kuti uwatukwane. Sunatero.
Ndipo nditakufunsa ngati sudzandisiya
unakanda kumutu nthawi yaitali
n'kunena kuti, "Za mawa sindingalumbire."
Ndinakwiya masiku awiri.
Lachitatu lake ndinagona tulo tabwino.

M'mawa uliwonse, ndisanapime kanthu,
ndimabwezera muvi pa ziro.
Sikelo ya m'chifuwa muno ndiyo yavuta:
Fakisoni anaipinda muvi,
imaonetsa kulemera ngakhale pa ngowe palibe kanthu,
ndipo sindidziwa kuti mwa zimene ndikukuwerengera
zako ndi ziti, zake ndi ziti.

Choncho usandifulumizitse.
Kiyi wa shedi ndikupatsa mawa,
muli matumba khumi ndi anayi, ndawawerenga,
ndipo ndidzawawerenganso, usakhumudwe.
Wa kunyumba ayi.
Bwera mawa.
Ubwerenso mkuja, mvula ikayamba,
soya atatha, ine ndilibe kanthu m'thumba.