Chizungu Chiwiri M'khitchini Imodzi

Ndinkati mzungu ndi mzungu basi,
monga mchere uli mchere kulikonse kumene waugula.
Kenako Darlene wa ku Amereka anatsika pa kabaza
ndi chikwama chimodzi cha zovala
ndi timakapu tinayi tachitsulo tolowana m'mimba.

Nyumba ya anamwino kuseri kwa chipatala cha Mangochi
inali kale ndi malamulo ake.
A Pemberton ndi a Hollis, Angerezi awiri,
wachitatu ine Jawadu,
zaka zisanu ndi zinayi pa sitovu yomweyi.

Tsiku loyamba anatenga tiyi wa m'tipoti,
wa ku Thyolo, wofiira bwinobwino,
n'kuponyamo ayisi.
A Pemberton sanayankhule.
Anangoika supuni pansi pang'onopang'ono
ngati munthu amene wamva uthenga wa maliro.

Lachitatu anasakasaka 350 pa uvuni,
pomwe manambala athu amathera pa 250.
Anapotoza mpaka kumapeto.
Keke inatuluka ngati njerwa,
galu wa alonda anainunkhiza n'kubwerera pamthunzi.

Mazira iye amawabisa m'filiji,
a Hollis n'kuwatulutsa, pa shelefu,
iye n'kuwabweza.
Sabata imodzi mazirawo anayenda mtunda
woposa wa nkhuku imene inawaikira.

Chimene iye akuti bisiketi, awa akuti sikono.
Chimene awa akuti bisiketi, kwawo chili ndi dzina lina.
Za tchipisi ndiye musandifunse.
Kusukulu anatiuza kuti Chizungu n'chimodzi,
koma muno ndakhalapo womasulira
pakati pa azungu okhaokha,
ine wa ku Namwera, wolekezera Sitandade 6.

Angereziwa akatsuka mbale
amaziyanika thovu lili pomwepo.
Iye anaona, anameza malovu.
Usiku ndinamva mpopi ukuyenda,
ndinamupeza akutsukuluza mobisa ngati wakuba.
Sindinaulule.
Inenso ndakhala ndikutero zaka zonsezi.

Mu Novembala, dzuwa likuswa mtengo,
anandituma nkhukundembo.
Akuti kwawo Lachinayi limenelo
palibe amene amadya yekha.
Ndinazungulira msika, ndinawoloka mlatho,
ndinabwera ndi tambala wa kwa Abiti Mkwanda
ndi mbatata, poti maungu mwezi uno n'kulota.

Iye anayala timakapu take.
A Pemberton anatulutsa sikelo ya magalamu.
Asanagwirizane kuti batala achuluke bwanji
magetsi anathima.

Mbaula ilibe manambala.
Moto wake umaufunsa ndi kuseri kwa dzanja,
ufa umauyeza ndi chikhatho,
nthawi umaimvera kwa mwazini wa ku mzikiti.
Atatu onse anandizungulira chete,
thukuta lili kamukamu,
madigiri awo ali m'chipinda.

Tambala anali wolimba, wa zaka zake.
Mbatata anaithira shuga, n'kuiika pambali pa nyama,
a Hollis anatafuna mwaulemu, maso ali kudenga.
Darlene anayamba kunena za amayi ake,
za tebulo lalitali, za mng'ono wake wokonda khungu la nkhuku,
mawu n'kuthera pakhosi.
Anati ndi anyezi.
Anyezi ndinali nditadula masana.

A Pemberton anadzuka.
Anatereka ketulo pamakala otsala,
anatenthetsa tipoti monga mwa mwambo wawo,
anadikira mphindi zake zinayi osachotsapo.
Kenako anatsegula filiji yozima ija,
anafufuza pansi pa thireyi
napeza kamwala komaliza ka ayisi, kosungunuka theka.
Anakaponya m'kapu ya Darlene,
maso atayang'ana kumbali.

Kanalira kamodzi, tse, n'kutha.
Tiyiyo sanazizire n'komwe.
Anamwa yense.

M'mawa ndikutsegula mawindo
ndinapeza mazira atatu m'filiji,
atatu pa shelefu.
Ndinakazinga a pa shelefu,
enawo ndi a mawa.