Aan Tafel

Sikisi koloko ku Linden.
Mahadeda akukuwa padenga ngati aponda moto,
majakaranda atayira maluwa pagalimoto yosayenda,
ndipo a Verhoef, ndodo kumanja, aima pakhomo la khitchini:
"Aan tafel!"
Nyumba ya zipinda zisanu, anthu awiri okha,
koma mawu ngati akuitana sukulu yonse.

Ndinafika kuno ndi Chingerezi cha Folomu Thu
ndi Chizulu chotola m'mateksi.
Chidatchi ndinachiphunzira ndi mimba.
Mawu awiriwa akuti: ku tebulo, pompano,
osati ukatha kuthirira kapinga,
osati dzuwa likapendeka.

Ine wa ku Tsangano,
kumene kachewere timayeza pandowa
n'kusanjikapo wina wa basera,
ndinaona munthu wamkulu akuwerenga mbatata ndi chala:
ziwiri zanga, zitatu zako.
Tikakhala pansi, zii pang'ono, maso otseka, pemphero lopanda mawu.
Kenako "Eet smakelijk,"
foloko n'kuphwanya mbatata zija,
kukumba kadziwe pakati, kuthiramo msuzi,
kuyang'anira khoma lake kuti lisagumuke.
Kwawo, akuti, madzi saasekerera.

Lachinayi lina kunabwera Ledisoni, mwana wa azakhali,
wapansi kuchokera ku renki ya Randburg, ndalama itathera panjira.
Anamupatsa khofi ndi bisiketi imodzi,
chitini n'kutsekedwa, phaa.
Itatsala pang'ono kukwana sikisi anadzuka, akumwetulira:
"Ife tsopano tikudya."
Kwathu mawu amenewo ndi madzi osamba m'manja.
Kuno ndi kiyi wa geti.
Ndinamva nsapato za Ledisoni zikutha mumsewu,
ndinameza miyala itatu yothira msuzi.

Sabata yonse ndinkangoyankha "inde bwana."

Usiku wina magetsi atathima monga mwa ndandanda,
kandulo ili pakati pathu,
anayamba okha, osafunsidwa.
Ku Leiden, nkhondo ili kumapeto, iwo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri,
chisanu chinalowa mpaka m'mafupa a mipando.
Mayi awo ankaduladula anyezi wa maluwa,
kuwerenga zidutswa, kubwerezanso kuwerenga.
Ana anali atatu. Pofika nthawi yofunda anali awiri.
"Chiyambire pamenepo," anatero, "manja angawa sakhulupirira poto."

Ndinafuna kuwauza kuti chakudya sichichepa,
chimachepa n'chovala.
Koma ndinakumbuka chaka chathu chija cha mizu ya nthochi,
mmene tinkadyera usiku, chitseko chopiringidza,
osatafuna mokweza
kuopa a Nachisale a nyumba yoyandikana nayo angamve.
Mwambi uja tinaupachika kudenga mpaka chimanga chitacha.
Sindinanene kanthu. Ndinadula chingwe cha kandulo.

Papita zaka zinayi.
Chingerezi chawo chathothoka ngati tsitsi,
Chiafrikaansi cha kuntchito chinatsogola kale,
chatsala n'chimene anayamwa.
Wotchi saithanso kuiwerenga.
Woima pakhomo la khitchini tsopano ndine,
lilime la ku Tsangano likupunthwa pa mawu a eni:
"Aan tafel!"
Ndipo amabwera, khwe, khwe, khwe, masilipasi,
ngati mwana amene wamva mayi ake.

Ledisoni ndinamulemba pakalendala, Lachinayi lililonse,
ndi inki yofiira, monga mwa mwambo wao.
Ndimasenda zisanu ndi zitatu.

Lero awerenga mbale: imodzi, ziwiri, zitatu.
Abwerezanso.
Ayang'ana Ledisoni nthawi yaitali, milomo ikunjenjemera,
"Joris," akutero, "Joris, wachedwa,"
n'kukankhira mbatata yawo imodzi m'mbale yake,
kadziwe kagumuka, msuzi wayenderera pansalu,
iwo osasamala.

Ledisoni wandiyang'ana.
Sakudziwa kuti Joris ndani.
Ndamugwedezera mutu.
Wadya.